Momwe Mungakonzere Slide ya Muzu wa Anyezi ndi Kuwerengapo Mamangidwe a Spindle

Ophunzira ambiri amene ndawaphunzitsa kuno ku Mzuzu amafika pa mutu wa mitosis, kugawikana kwa selo limodzi kukhala awiri, atauloweza kale ngati nyimbo ya kukwaya: prophase, metaphase, anaphase, telophase. Mukawafunsa chimene chimakoka makromozomu kuti apite mbali ziwiri za selo, amayankha mosazengereza kuti ndi spindle, ulusi wa mapuloteni umene selo limamanga likamagawikana. Koma mukapitiriza kufunsa kuti spindle imeneyo imachokera kuti, imapeza bwanji pogwira kromozomu iliyonse, ndiponso n'chiyani chimene chimauza selo kuti nthawi yokoka yakwana, m'kalasi mumangoti zii. Ana sitingawaimbe mlandu, chifukwa chithunzi cha m'buku chimaonetsa spindle itamangidwa kale, yowongoka ngati denga la nyumba yomalizidwa, pamene selo lenileni limaimanga moyesayesa, kugwira n'kutaya, n'kugwiranso, ndipo limadikira mpaka kromozomu yomaliza itagwidwa bwino. Aphunzitsi anzanga, njira imene ndikufotokoza pano ndi yokonzera slide ya nsonga ya muzu wa anyezi, kenaka n'kuwerenga pa slide yomweyo zimene spindle ikuchita.

Yambani masiku 7 kapena 10 tsiku la phunziro lisanafike. Gulani anyezi wouma bwino amene wakhalitsa pang'ono chikololereni, chifukwa wongokumbidwa kumene amachedwa kutulutsa mizu. Ngati wayamba kale kuonetsa kamphukira kobiriwira pamwamba, ameneyo ndiye wabwino, ngakhale amayi ogulitsa pamsika waukulu angadabwe kuti mukusankhiranji amene ena akumukana. Palani mizu yakale youma ndi lezala, koma musadule kambale kolimba kakunsi, poti ndi pamene mizu yatsopano imatulukira. Khazikani anyeziyo pakamwa pa botolo kapena pa kapu yagalasi yodzaza madzi, kunsi kwake kokha ndiko kukhudze madziwo. Akakhala wamng'ono mubayeni ndi timitengo titatu totokosera m'mano kuti titsamire m'mphepete mwa kapu. Akamira yense amaola. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku. Adyo nayenso amagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo onse awiri ali ndi makromozomu 16 akuluakulu, osavuta kuona poyerekeza ndi a mbewu zina zambiri.

Kukatentha, mizu imafika masentimita awiri m'masiku atatu kapena anayi. Mu June ndi July, pamene nkhungu imakhalitsa ku Katoto ndi ku Luwinga mpaka dzuwa litakwera, mizu imachita ulesi, ndipo muzu umene ukukula pang'onopang'ono umakhala ndi maselo ochepa ogawikana. Choncho botolo liikeni m'kabati yotsekedwa kapena pafupi ndi khitchini, osati pawindo pamene mphepo ya usiku imalowera. Muzu wabwino ndi woyera, wolimba, wa nsonga yosongoka. Wofiirira ndi wofewa utayeni.

Kukonza slide

Dulani nsonga zotalika pafupifupi sentimita imodzi n'kuziponya nthawi yomweyo mu msanganizo wa magawo atatu a ethanol ndi gawo limodzi la glacial acetic acid, zigone momwemo usiku umodzi. Msanganizowu umapha maselo mwadzidzidzi, kotero selo lililonse limaima pomwe linali, kaya linali pakati pokoka makromozomu kapena linali lisanayambe. Ngati phunziro lili kutali, samutsirani mizuyo mu ethanol wa 70 peresenti ndipo idzasungika. Tsiku la phunziro, ikani mizu mu hydrochloric acid wa 1 M wotentha madigiri 60 kwa mphindi pafupifupi 5. Ngati mulibe chotenthetsera cha mu labu, thirani madzi a m'ketulo m'chikho chachikulu, sakanizani ndi ozizira mpaka choyezera kutentha chisonyeze 60, kenaka imikani kabotolo ka asidi m'madzimo. Asidi wosatenthetsa amagwiranso ntchito mukamupatsa mphindi 15 kapena kuposerapo. Ntchito yake ndi kusungunula pectin, guluu amene amamatiriza makoma a maselo, kuti mukadzakanikiza maselowo abalalike m'malo mounjikana. Asidi muzisungunula ndinu aphunzitsi, mukuthira asidi m'madzi osati madzi mu asidi, ndipo ana avale magalasi oteteza maso. Tsukani mizu m'madzi ozizira kwa mphindi 5.

Tsopano goneka muzu umodzi pa slide n'kudula mamilimita awiri okha a kunsonga, mbali imene imaoneka yoyera ngati mkaka. Yotsalayo, yooneka ngati galasi, ichotseni. Apa mpofunika kusamala kuposa pena paliponse. M'chaka changa choyamba chophunzitsa ndinasokoneza mbali ziwirizi, popeza muzu ukafewa mu asidi nsonga ndi podulidwa zimafanana, ndipo kalasi yonse inatha maola awiri ikuyang'ana maselo ataliatali opanda kanthu, ine n'kumaimba mlandu utoto. Kuyambira pamenepo ndimadula mbali yakumtunda mopingasa kuti izidziwika. Donthezani dontho limodzi la toluidine blue, kapena aceto-orcein ngati ndi amene muli naye, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, phwanyani kansongako ndi singano, vundikirani ndi kagalasi kovundikira, ikani pepala lomwa madzi pamwamba, ndipo kanikizani ndi chala chachikulu molunjika pansi. Musapotoze chala ngakhale pang'ono, chifukwa kagalasi kakasuntha maselo amapindika ngati mphasa ndipo makromozomu amaduka.

Yambani kuyang'ana ndi lenzi yaing'ono, mufune malo amene maselo ndi ang'onoang'ono, a mbali zinayi zofanana, othinana, okhala ndi nyukiliyasi yaikulu. Mukawapeza, pitani pa lenzi ya x40, imene pamodzi ndi yapamaso ya x10 imakulitsa ka 400. Magetsi akazima, maikulosikopu akale a kalilole ndiwo amapulumutsa. Aikeni pafupi ndi windo koma kalilole asaloze dzuwa lenilenilo. Ana amafuna kuona zonse m'mphindi imodzi, choncho akumbutseni kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene diso silingaone

Maselo ambiri adzakhala ndi nyukiliyasi yozungulira yosasweka. Mwa ochepa otsalawo mudzaona makromozomu ngati ulusi wopiringizika, ena atandanda pakati pa selo (metaphase), ena atagawikana magulu awiri ooneka ngati zala za manja awiri oyang'anizana (anaphase). Ulusi umenewu ndi umene Walther Flemming anaujambula ku Kiel pa maselo a salamander, ndipo m'buku lake la 1882 anatcha kugawikanaku mitosis, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ulusi. Spindle yokha simudzaiona bwino. Utoto wathu umagwira DNA, pamene spindle ndi ya mapuloteni, komanso kachubu kamodzi ka spindle, kotchedwa microtubule, n'kotambalala mananomita 25 okha, pomwe maikulosikopu ya kuwala silekanitsa zinthu zoyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200. Mukachepetsa kuwala nthawi zina mumaona timizere totuwa pakati pa magulu awiri a anaphase, basi. Ngakhale akatswiri anakangana kwa zaka zambiri ngati ulusi wa spindle ulipodi m'selo lamoyo kapena umangopangidwa ndi mankhwala ophera maselo, mpaka mu 1953 pamene Shinya Inoué anauonetsa m'maselo amoyo pogwiritsa ntchito kuwala kosefedwa mwapadera. Ife ndi zida zathu tiziwerenga spindle monga mlenje amawerengera nyama pa mapazi ake: malo amene kromozomu yaima, mbali imene yapindikira, zonsezo zimanena chimene chikuikoka.

Kuti ana awerenge bwino, ayenera kudziwa khalidwe la timachubuti. Kalikonse kamapangidwa ndi puloteni yotchedwa tubulin, imene imabwera iwiriiwiri, alpha ndi beta, n'kundanda mizere 13 yozungulira dzenje lapakati. Kali ndi mapeto awiri osiyana, a plus amene amakula msanga ndi a minus amene nthawi zambiri amakhala omangirira. Mu 1984 Tim Mitchison ndi Marc Kirschner anapeza kuti kachubu kamodzi kamakula kwa kanthawi, mwadzidzidzi n'kuyamba kugumuka kubwerera m'mbuyo, kenaka n'kuyambanso kukula. Tubulin amalowa atanyamula GTP, kamolekyu kosunga mphamvu, ndipo kunsonga kukakhala chipewa cha tubulin wa GTP kachubu kamalimba, koma GTP imeneyo ikataya mphamvu yake n'kusanduka GDP chipewa chisanaonjezeredwe, mizere ija imapindikira kunja ngati makoko a nthochi. Poyamba izi zimaoneka ngati kuononga mphamvu, koma ndiyo njira imene selo limafufuzira malo onse a m'kati mwake. Msodzi wa ku Nkhata Bay akaponya mbedza osakola kanthu amaikoka n'kuponyanso kwina. Kachubu kamene sikanagwire kanthu kamagumuka ndipo tubulin wake amakamanga kena, pamene kamene kagwira kromozomu kamakhazikika.

Chimene chimalamula kuti ntchitoyi iyambe ndi enzaimu yotchedwa CDK1, imene siigwira ntchito popanda mnzake cyclin B. Tim Hunt anapeza cyclin mu 1982 m'mazira a sea urchin, kanyama ka m'nyanja yamchere, ataona puloteni imene inkachuluka n'kuzimiririka nthawi iliyonse mazira akagawikana, ndipo mu 2001 iye, Paul Nurse ndi Leland Hartwell analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. CDK1 ikadzuka imamata phosphate pa mapuloteni ambirimbiri nthawi imodzi: makromozomu amafupika n'kunenepa, khungu la nyukiliyasi limasweka, ndipo timachubu titalitali tokhazikika ta selo losagawikana timaphwasulidwa, m'malo mwake n'kubwera tatifupi tosinthasintha msanga. M'maselo a nyama, timachubu tambiri timamera pa ma centrosome awiri, timadontho timene timakhala kunsonga ziwiri za spindle. Centrosome imaberekana kamodzi kokha pa ulendo uliwonse wa selo, nthawi imene DNA ikukopedwa, ndipo mitosis ikayandikira ma enzaimu Plk1 ndi Aurora A amaiunjikira gamma-tubulin, puloteni imene imapanga mphete yoyambira kachubu katsopano. Zikalakwika n'kukhala ma centrosome atatu kapena anayi, spindle imatha kukhala ndi nsonga zoposa ziwiri, makromozomu n'kugawika mosalingana. Theodor Boveri anaganiza kale mu 1914 kuti chisokonezo chotere chingayambitse khansa.

Pano pali msampha umene ana ambiri amakodwamo. Akaona selo la anyezi amalijambula ndi timadontho tiwiri kunsonga ndi timizere tofalikira ngati nyenyezi, chifukwa ndi mmene buku lajambulira selo la nyama. Anyezi, chimanga, nyemba ndi mbewu zonse za maluwa zilibe centrosome, ndipo spindle yake ndi ya nsonga zotambalala ngati mgolo. Ine chojambula chotere ndimachibweza, ndipo funso limene limatsatira ndilo labwino koposa m'phunziro lonse: nanga popanda centrosome spindle imamera pati? Yankho lomveka linabwera mu 1996, pamene Rebecca Heald ndi anzake anatenga timikanda topakidwa DNA n'kutiika m'madzi a m'kati mwa mazira a Xenopus laevis, chule wa kum'mwera kwa Africa kuno. Munalibe centrosome, koma spindle ya nsonga ziwiri inadzimanga yokha mozungulira timikandato. Zinadziwika pambuyo pake kuti pa makromozomu pamakhala puloteni yotchedwa RCC1, imene imapatsa GTP puloteni ina yaing'ono, Ran. Ran wa GTP amachuluka pafupi ndi makromozomu n'kumachepa mukamatalikira, monga kutentha kwa mbaula, ndipo pamene wachuluka amamasula mapuloteni omanga spindle, monga TPX2, amene anali atagwidwa ndi importin. Motero timachubu timamera pamalo pomwe pali makromozomu osati kwina. Tikayamba kumera, gulu la mapuloteni lotchedwa augmin limamata gamma-tubulin m'mbali mwa timachubu takale kuti tatsopano tiphuke ngati nthambi zoloza mbali yomweyo. M'mbewu timachubu timayambanso kusonkhana pamwamba pa khungu la nyukiliyasi lisanasweke. Mazira a anthu nawo amamanga spindle yawo popanda centrosome.

Kumera kokha sikupereka nsonga ziwiri. Zimenezo zimachitidwa ndi mapuloteni oyenda pa timachubu akudya ATP, molekyu yopereka mphamvu m'selo. Kinesin-5 ali ndi mapazi mbali zonse ziwiri, kotero amagwira timachubu tiwiri toloza mosiyana n'kuyenda pa tonse tiwiri nthawi imodzi, zimene zimakankha nsonga za spindle kuti zitalikirane. Mu 1999 kunapezeka mankhwala otchedwa monastrol amene amaimitsa kinesin-5, ndipo maselo opatsidwa mankhwalawa amapanga spindle ya nsonga imodzi, makromozomu atazungulira ngati anthu oothera moto. Dynein, mothandizidwa ndi NuMA, amayenda kulowera ku mapeto a minus n'kuwamanga pamodzi kunsonga. Mbewu za maluwa zilibe dynein ameneyu, ndipo ntchito yofananayo amagwira ndi kinesin-14. Kutalika kwa spindle kumadalira kulingana kwa okankha, okoka, ndi ena monga kinesin-13 amene amagumula nsonga za timachubu.

Kugwira, kumasula ndi kudikira

Kromozomu iliyonse ikamalowa mu mitosis imakhala ndi makope awiri ofanana otchedwa ma chromatid, omangidwa pamodzi ndi mphete za cohesin. Aliyense ali ndi kinetochore yake, chigwiriro cha mapuloteni chomangidwa pa centromere, malo opyapyala a kromozomu, ndipo zigwiriro ziwirizo zimapatsana msana. Selo la munthu, la makromozomu 46, lili ndi ma kinetochore 92; la anyezi lili ndi 32. Chofunika n'chakuti chigwiriro chimodzi chigwidwe ndi timachubu tochokera kunsonga ina, chinzake tochokera kunsonga inayo. Popeza kugwira kumachitika mwamwayi, zolakwika zimachuluka poyamba: ma chromatid onse awiri amatha kugwidwa ndi nsonga imodzi, kapena kinetochore imodzi kugwidwa ndi nsonga zonse ziwiri. Selo liribe maso oonera zimenezi, koma limamva kukungika. Kugwira koyenera kumakoka mbali ziwiri pamene cohesin ikukaniza, ndiye pakati pamakungika ngati chingwe cha mpikisano wokokana. Kugwira kolakwika kumakhala kolendewera. Enzaimu yotchedwa Aurora B imakhala pakati pa zigwiriro ziwirizo. Pakapanda kukungika imafikira Ndc80, puloteni imene imagwira kachubu, n'kuimata phosphate, ndipo Ndc80 imataya kachubuko kuti selo liyesenso. Pakakungika, mphamvu ya Aurora B pa Ndc80 imachepa ndipo kugwirako kumakhazikika.

Umboni wa zimenezi umandisangalatsa chifukwa unapezeka ndi dzanja. Mu 1969 Bruce Nicklas ndi Carol Koch anagwiritsa ntchito singano yagalasi yopyapyala kwambiri pa maselo opanga umuna wa chiwala. Makromozomu amene anagwidwa molakwika ndi nsonga imodzi ankamasuka okha pakapita kanthawi, koma iwo akawakoka ndi singano kulowera mbali inayo, kugwira kolakwikako kunkakhazikika nthawi yonse imene singano inali kukoka. Selo linanamizidwa ndi kukungika. Mukhoza kuonetsa izi pabwalo ndi ana awiri omangidwa m'chiuno ndi chitenje chimodzi, atapatsana msana, aliyense atagwira chingwe. Lamulo likhale lakuti chingwe chikalendewera achitaye.

Chotsala ndi funso la nthawi. Ku depoti, minibasi ya ku Karonga ikhoza kukhala itadzaza, injini ikulira, koma munthu mmodzi yekha amene akufuula kuti dikirani katundu wake akadali panja amaimitsa galimoto yonse. Selo nalo siliwerenga ma kinetochore amene agwidwa. Limamvera amene sanagwidwe. Kinetochore yopanda timachubu imakopa enzaimu Mps1, kenaka Mad1 ndi Mad2, ndipo pamenepo pamapangidwa gulu la Mad2, BubR1, Bub3 ndi Cdc20, limene limafalikira m'selo monse n'kukatsekereza makina a mapuloteni otchedwa APC/C, amene amayambitsa anaphase. Majini a Mad ndi Bub anapezeka mu 1991 mu yisiti, m'maselo olumala amene ankapitiriza kugawikana ngakhale spindle itaonongedwa. Mu 1995 Conly Rieder ndi anzake anatenga selo limene linali kudikira kromozomu imodzi yotsalira, n'kuotcha kinetochore yake yosagwidwayo ndi kuwala kwa laser. Wofuula uja atatsekedwa pakamwa, selo linalowa mu anaphase ngakhale kromozomuyo inali isanagwidwe bwino.

Kinetochore yomaliza ikagwidwa, kufuula kumatha ndipo APC/C imamasuka. Imamata chizindikiro cha ubiquitin pa mapuloteni awiri, securin ndi cyclin B, ndipo onse awiri amaphwanyidwa. Securin anali atagwira separase. Iye akachoka, separase amadula mphete za cohesin, ma chromatid onse amalekana nthawi imodzi, ndipo timachubu tofupika timawakokera kunsonga. Kutha kwa cyclin B kumazimitsa CDK1, ndiye makromozomu amamasuka ndipo khungu la nyukiliyasi limabwerera. Mphete yodulidwa siilumikizikanso, n'chifukwa chake kudikira konse kumachitika lumo lisanagwire ntchito. Pa slide yanu, funani selo limene makromozomu ambiri andanda pakati koma imodzi kapena awiri akadali pambali. Ana amalidumpha poganiza kuti ndi metaphase yosakonzeka bwino, chonsecho ndilo selo limene likudikira. Mu anaphase aonetseni mmene kromozomu iliyonse yapindikira ngati chilembo V, ngodya yake kutsogolo, manja kumbuyo. Ngodyayo ndi pamene pali kinetochore. Mu telophase funani kamzere kotuwa pakati pa nyukiliyasi ziwiri, khoma latsopano limene timachubu totsala tikulimanga kuchokera pakati kupita m'mbali.

Kuyesa spindle ndi madzi oundana

Njira yotsika mtengo yotsimikizira kuti spindle ilipo ndi kuisokoneza n'kuona chimene chisinthe. Timachubu timagumuka kukazizira kwambiri n'kumangikanso kukafunda. Dulani mizu ina pa anyezi yemweyo, iikeni m'madzi okhala ndi ayezi kwa maola 24, m'firiji kapena m'fulasiki ngati magetsi sakudalirika, kenaka ichiteni zonse monga inzake ija. Akatswiri owerenga makromozomu a tirigu ndi balere amagwiritsa ntchito njira yomweyi. Yembekezerani kuona anaphase wochepa, ndi maselo amene makromozomu ake ndi afupiafupi, onenepa, ali balala m'selo m'malo mondanda. Zikapanda kuoneka bwino ulendo woyamba, onetsetsani kuti ayezi sanasungunuke usiku.

Mankhwala a colchicine amachita zimenezi mwamphamvu, pomatirira pa tubulin kuti asamange kachubu. Albert Levan anawayesa pa mizu ya anyezi mu 1938, ndipo ndi iye yemweyo amene pamodzi ndi Joe Hin Tjio anatsimikiza mu 1956 kuti munthu ali ndi makromozomu 46. Maselo a mbewu sadikira mpaka kalekale; pakapita nthawi amatuluka mu mitosis osagawikana, n'kukhala ndi makromozomu owirikiza, ndipo obereketsa mbewu amagwiritsa ntchito zimenezi popanga mavwende opanda nthanga. Colchicine amapezekanso mu Gloriosa superba, duwa lofiira ndi lachikasu looneka ngati malawi a moto limene limaphuka m'tchire nthawi ya mvula. Ndi poizoni wakupha, makamaka chinangwa chake cha pansi, choncho musalole mwana aliyense kukalikumba kuti ayesere m'kalasi. Ayezi ndi wokwanira.

Ana amatchera khutu kwambiri akamva kuti nkhaniyi imafika kuchipatala. Vincristine, mmodzi mwa mankhwala amene amathandiza ana odwala khansa ya Burkitt lymphoma m'Malawi muno, amachokera ku Catharanthus roseus, kaduwa ka pinki kapena koyera kochokera ku Madagascar kamene kamamera m'mabwalo a nyumba zambiri ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa. Amaletsa timachubu kukula, ndipo maselo a khansa amakanirira pa kudikira kuja mpaka ambiri amafa. Paclitaxel, wochokera ku khungwa la mtengo wa yew wa ku North America, amachita zosiyana, pakuti amaumitsa timachubu kuti tisagumuke, monga Susan Horwitz ndi anzake anaonetsera mu 1979, komabe mapeto ake ndi omwewo. Funsani ana chifukwa chake mankhwala ogumula ndi mankhwala oumitsa onse amaimitsa selo. Amene wamvetsa za mbedza ija adzayankha kuti spindle yosatha kugwira n'kutaya singakonze zolakwika zake. Albendazole, piritsi la njoka zam'mimba limene ambiri a iwo analandirapo kusukulu, amamatirira pa tubulin wa nyongolotsi kwambiri kuposa wa munthu. Muwachenjeze kuti kuwiritsa masamba a kaduwa kaja sikuchiza khansa ndipo kukhoza kuvulaza.

Pomaliza phunziro, gulu lililonse liwerenge maselo osachepera 100 m'malo angapo a slide, lilembe angati ali mu gawo lililonse, ndipo ligawe chiwerengero cha ogawikana ndi cha onse kuti lipeze mitotic index. Popeza maselo anaphedwa nthawi imodzi, gawo lokhala ndi maselo ambiri ndilo limatenga nthawi yaitali, ndipo kuchepa kwa anaphase kudzasonyeza kuti kukoka kwenikweniko n'kwachangu poyerekeza ndi kukonzekera. Phatikizani manambala a magulu onse pa bolodi, a mizu wamba mbali ina, a mizu ya mu ayezi mbali ina, chifukwa gulu limodzi palokha limapeza ochepa kwambiri moti simunganenepo kanthu. Slide yotere imauma msanga, ndiye imene yatuluka bwino matani m'mphepete mwa kagalasi kake ndi polishi wa zikhadabo wopanda mtundu kuti ifike mawa, ndipo jambulani ndi foni, mutaigwira pang'ono pamwamba pa lenzi yapamaso mpaka bwalo la kuwala lidzaze sikirini. Asidi wotsala musungunuleni ndi madzi ambiri musanamutaye, ndipo anyezi amene mwamudula mizu mubwezereni pa madzi atsopano, poti nthawi zambiri amatulutsanso ina yokwanira kalasi yotsatira.